Kuzindikira, kugula ndi kusamala tigalimoto tachitsulo takale ta Ferrari, Lamborghini ndi Alfa Romeo

Kagalimoto kachitsulo kakale kamadziwika kakangofika m'dzanja. Kamalemera kuposa msinkhu wake, ndipo kamazizira ngati mwala wotola mumtsinje m'mawa. Kanga koyamba ndinakapeza pa mulu wa zidole za pakaunjika, katakwiririka pakati pa zidole zansalu ndi mfuti zapulasitiki. Kanali ka Lamborghini Miura kagolide, penti itasupuka pamphuno ndi padenga, koma tizitseko take tonse tiwiri tikutseguka bwinobwino. Nditakatembenuza ndinaona dzina la Lesney, mawu akuti Made in England, ndi nambala 33. Kanali ka Matchbox, tigalimoto topangidwa ndi kampani ya Lesney, ka mtundu umene unayamba kutuluka mu 1969.

Zaka zimene ndakhala ndikutolera tigalimoto totere zandiphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu. Ulemu wa kagalimoto kakale uli m'zimene kanatuluka nazo kufakitale: penti yake, matayala ake, magalasi ake, bokosi lake. Ana amene ankatiseweretsa pamchenga anatisiya ndi zipsera chabe. Amene amatimaliza ndi akuluakulu ofuna kutikongoletsanso. Malangizo onse ali m'munsimu akuchokera pamenepa.

1. Sankhani munda umodzi

Musayambe ndi kugula chilichonse chofiira. Sankhani msinkhu umodzi, kapena kampani imodzi, kapena galimoto imodzi.

Msinkhu umalembedwa ngati 1:43, kutanthauza kuti kagalimotoko n'kakang'ono maulendo 43 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni. Miura yeniyeni ndi yaitali mamita anayi ndi kanthu, choncho ya 1:43 imakhala pafupifupi masentimita 10. Umenewu ndiwo msinkhu wa tigalimoto tambiri takale ta ku Ulaya. Ta Matchbox n'tochepa, masentimita 7 kapena chapompo. Ta 1:24 ndi 1:18 n'tikulutikulu, ndipo Ferrari F40 ya 1:18 imadzadza chikhatho chonse n'kupitirira.

Ine ndimalangiza woyamba kuti atsate galimoto imodzi m'makampani osiyanasiyana. Miura ndi yabwino pa zimenezi. Inaonetsedwa ku Geneva mu 1966, thupi lake analijambula ndi Marcello Gandini wa ku kampani ya Bertone, ndipo injini yake ya V12 inagonekedwa chopingasa kumbuyo kwa dalaivala. Makampani ambiri a zidole anathamangira kuipanga. Mukaika ya Matchbox, ya Corgi, ya Politoys ndi ya Mebetoys pathebulo limodzi, diso lanu limaphunzira msanga kusiyanitsa manja a amisiri: amene analemekeza zikope zozungulira nyali zakutsogolo zija, ndi amene anangodutsapo.

2. Katembenuzeni, muwerenge kunsi

Apa ndiye pagona nkhani. Musanayang'ane penti, musanafunse mtengo, tembenuzani kagalimotoko. Kunsi kumalembedwa dzina la kampani, dziko, dzina la galimoto, ndipo kawirikawiri nambala yake ya m'buku la kampaniyo. Ngati zilembo zachepa, jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho.

Tiyambe ndi eni ake a ku Italy.

Mercury inali ku Torino, mzinda wa Fiat ndi Lancia. Inakhazikitsidwa mu 1932, inayamba kupanga tigalimoto nkhondo yachiwiri itangotha, ndipo inatseka mu 1978. 

Politoys ya ku Milano inayamba ndi tigalimoto tapulasitiki, kenako mu 1965 inatulutsa tachitsulo ta 1:43 totchedwa M. Timeneti ndi timene ndimatikonda koposa. Zitseko, boneti ndi buti zonse zimatseguka, mipando imapindika, ndipo injini imaoneka mbali zake. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 dzina linasintha kukhala Polistil, choncho dzina lokhalo likuuzani mbali ya nthawi imene kagalimotoko kanapangidwa. Chenjerani pang'ono: zikombole zina za Politoys zinakagwiritsidwa ntchito ku Soviet Union ndi ku Mexico. Mungapeze Maserati kapena Alfa Romeo yofanana ndendende ndi ya ku Milano, koma kunsi kwalembedwa Made in USSR kapena zilembo za Chirasha. Si tachinyengo, tili ndi okonda ake, koma si ta ku Italy ndipo musatilipire ngati ta ku Italy.

Mebetoys inali ya abale a banja la Besana. Kampani ya Mattel ya ku America inaigula mu 1969, ndipo kuchokera apo tigalimoto tambiri tinayamba kutuluka ndi mawilo apulasitiki othamanga, tina pansi pa dzina la Gran Toros. Mukaona dzina la Mattel pambali pa la Mebetoys, ndiye kuti n'kapambuyo pa kugulidwako. A Besana sanakhale manja lende. Mu 1974 anayambitsa Martoys, imene mu 1976 inakhala Bburago, dzina lochokera ku mudzi wa Burago di Molgora.

Bburago ndi imene mudzakumane nayo kawirikawiri, makamaka Ferrari Testarossa, F40 ndi 250 GTO komanso Lamborghini Countach za 1:18 ndi 1:24. Pali njira yachidule yodziwira nthawi yake. Kampaniyi inagwa mu 2005, ndipo dzina lake linagulidwa ndi May Cheong, eni ake a Maisto, dzina lina la tigalimoto. Komanso kuyambira 1999 mpaka 2014 chilolezo chopanga zidole za Ferrari chinali m'manja mwa Mattel. Choncho Ferrari ya Bburago yolembedwa Made in Italy ndi ya nthawi yakaleyo, pomwe yolembedwa Made in China ndi ya masiku ano. Koma mtima usakwere: Bburago inapanga tigalimoto timeneti tochuluka zedi, ndipo ngakhale ta ku Italy mtengo wake si wapamwamba. Tikondeni chifukwa cha kukongola kwake.

Angelezi nawo anapanga galimoto za ku Italy mwaluso. Dinky Toys inkapangidwa ndi Meccano ku Binns Road, mumzinda wa Liverpool, mpaka fakitaleyo inatsekedwa mu 1979. M'zaka za m'ma 1950 inatulutsa tigalimoto tampikisano: Ferrari yabuluu ya mphuno yachikasu, nambala 23H imene inadzasanduka 234, Alfa Romeo yofiira 23F imene inakhala 232, ndi Maserati 23N imene inakhala 231. Corgi ya ku Swansea inayamba mu 1956 ndipo inatchuka chifukwa choika magalasi m'mawindo pamene ena analibe. Nambala yake 314 ndi Ferrari 250 ya Le Mans, yofiira, ndipo 342 ndi Miura imene inkagulitsidwa ndi kang'ombe kakuda kapulasitiki m'bokosi momwemo. Matchbox ya Lesney inali ndi Ferrari Berlinetta yobiriwira pa nambala 75 ndi Iso Grifo pa 14. Lesney inagwa mu 1982, kotero dzina lake likakhala kunsi mukudziwa malire a zaka zake. Ku France kunali Solido, imene tigalimoto take ta 1:43 timakhala ndi maonekedwe owongoka kwambiri.

Mawilo nawo amalankhula. Hot Wheels ya Mattel itatuluka mu 1968 ndi mawilo othamanga pa kawaya kowonda, makampani ena onse anachita mantha. Matchbox inayankha ndi mawilo otere otchedwa Superfast mu 1969, Corgi inabweretsa ake otchedwa Whizzwheels. Kagalimoto kokhala ndi malimu achitsulo ndi matayala a labala ovuka n'kakale kuposa mnzake wa mawilo apulasitiki a chidutswa chimodzi, ndipo otolera ambiri amafuna koyambako.

Misampha iwiri. Chaka cholembedwa kunsi, monga 1969 kapena 1971, nthawi zambiri ndi chaka chimene chikombole chinalembetsedwa, osati chaka chimene kagalimoto kanuko kanapangidwa; chikombole chimodzi chimatha kugwira ntchito zaka zambiri. Wachiwiri: pali tigalimoto ta Dinky tatsopano topangidwa ku China, totsanzira takale mpaka bokosi lomwe, tambiri pansi pa dzina la Atlas. Kunsi kwake kumanena zoona. Ngati wogulitsa pa intaneti sanaike chithunzi cha kunsi, mupempheni. Akakana, msiyeni.

3. Fufuzani ngati dzanja lina linadutsapo

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kagalimoto ka zaka 50 kowala ngati katuluka dzulo, kopanda bokosi, kafunika kukayikiridwa.

Yambani ndi maliveti, timisomali timene timagwirizanitsa thupi ndi kunsi. A kufakitale amakhala ndi mutu wozungulira bwino, wosalala, wopindidwa ndi makina. Munthu wofuna kupentanso kagalimoto ayenera kuwaboola kuti akatsegule, ndipo akamaliza amatseka ndi masikuluwu ang'onoang'ono, guluu, kapena timitu tabodza tomata. Mukaona mutu wokumbika, zokanda mozungulira, kapena guluu wouma, kanatsegulidwapo. Dziwani komabe kuti makampani ena, monga Bburago ndi tigalimoto tina ta Politoys, ankamanga ndi masikuluwu kuchokera kufakitale. Pa timeneti yang'anani ngati mpata wa sikuluwuyo wadyeka ndi sikuludiraiva.

Kenako penti. Kufakitale ankapenta thupi lili lokha, magalasi ndi mawilo zisanaikidwe. Penti ikakhala pagalasi, pa ekiselo kapena pa tayala, wina anawonjezera. Penti yonenepa yokwirira mizere ya zitseko ndi chizindikiro chinanso. Pendeketsani kagalimotoko padzuwa: pamene wina anadontheza penti pachipsera pamawala mosiyana ndi ponseponse, ndipo pamakhala kachitunda kakang'ono kamene chikhadabo chimamva. Fungo nalo limathandiza. Penti yakale ilibe fungo.

Ineyo ndinagwapo m'mbuna imeneyi. Ndinagula Ferrari ya Corgi kwa munthu wina pa intaneti, zithunzi zake zitajambulidwa patali, kunsi osaonetsa. Itafika, kufiira kwake kunali kokongola, koma m'mphepete mwa galasi lakutsogolo munali kamzere kofiira kosayenera kukhalamo, ndipo maliveti onse anali omata. Zinandiwawa kwa masiku angapo, chifukwa ndalamayo ndinaisunga nthawi yaitali. Kagalimotoko ndikadali nako, ndipo ndimakaonetsa kwa aliyense woyamba kumene kuti aone ndi maso ake.

Ogulitsa akunja ali ndi mawu awo. Mint ndi kopanda banga n'limodzi lomwe. Boxed ndi kokhala ndi bokosi lake. Playworn ndi kamene ana anaseweretsa mpaka penti inasupuka. Restored ndi kopentedwanso, ndipo Code 3 ndi kamene munthu anakasintha mwa nzeru zake popanda chilolezo cha kampani. Wogulitsa wolemba poyera kuti restored ndi woona mtima. Vuto ndi amene amabisa. Matayala, magalasi, zomata za manambala ngakhale mabokosi amapangidwanso masiku ano. Bokosi lenileni lakale m'kati mwake mumakhala motuwa kapena modera ndipo limanunkha ukale, pomwe lotsanzira limakhala loyera mbee, mitundu yake yowala mopitirira.

4. Yang'anani matenda a chitsulo

Tigalimoto timeneti si tachitsulo wamba. Ndi chosakaniza cha zinki ndi aluminiyamu pang'ono, nthawi zina ndi kopa, chimene amisiri amachitcha zamak, ndipo Angelezi amati mazak. Amachisungunula n'kuchipopera mwamphamvu m'chikombole. Maginito samata pathupi lake. Akamata ndiye kuti mwakhudza ekiselo kapena kunsi kwa lata, monga kwa Dinky zakale.

Chosakanizachi chikalowedwa ndi mtovu pa nthawi yosungunula, ngakhale wochepa kwambiri, chimadwala pakapita zaka. Otolera amati zinc pest. Chitsulo chimatupa pang'onopang'ono, chimang'aluka ngati dothi la padambo nthawi ya chilimwe, kenako chimayoyoka. Zizindikiro zoyamba ndi timatuza pansi pa penti, ming'alu yopyapyala ngati tsitsi, chitseko chimene chasiya kukwana pamalo pake, kapena kunsi kopindika ngati uta. Matendawa amapezeka kwambiri pa tigalimoto ta m'ma 1930 mpaka m'ma 1950, koma ngakhale tina tapambuyo pake sitinapulumuke. Alibe mankhwala. Guluu sathandiza, penti sithandiza. Sapatsirana kuchoka pa kagalimoto kena kupita pa kanzake, koma chinyontho chimawafulumizitsa. Mukaona zizindikirozi, bwezani kagalimotoko pamulu ngakhale mtengo utakoma bwanji.

Palinso vuto lina la matayala. Pa tigalimoto tina ta ku Italy ndi ku France ta m'ma 1960 ndi 1970, mafuta a m'tayala lofewa amadya limu yapulasitiki mpaka imasungunuka ngati kandulo. Gwirani wilo lililonse. Likamamatira kuchala kapena litapendekeka, dziwani kuti silidzabwerera.

5. Dziwani mtengo musanatulutse ndalama

Mtengo umene munthu walemba si mtengo umene anthu amalipira. Pa eBay, msika wa pa intaneti, sankhani kuona zimene zinagulidwa kale, mufufuze ndi dzina la kampani ndi nambala, n'kuyerekeza ndi tigalimoto tofanana ndi kanu pa maonekedwe. Nyumba za okushoni ya zidole monga Vectis ya ku England nazo zimaonetsa mitengo imene katundu anagulidwira. Bokosi lenileni likhoza kukweza mtengo kuwirikiza, ndipo mtundu wa penti wosowa umasintha zonse.

Amene muli ku Britain, misika ya m'mawa ya car boot, kumene anthu amagulitsa katundu wakale kuchokera m'buti, ndi mashopu a charity, a mabungwe othandiza anthu, ndi malo oyambira abwino. Ku South Africa yendani m'misika ya katundu wakale. Kumudzi kuno, milu ya zidole za pakaunjika imabisa zinthu, ndipo wofika belo litangotsegulidwa ndiye amatola. Mukamaitanitsa kunja, werengerani ndalama yotumizira ndi msonkho wolowetsera katundu musanavomere, chifukwa nthawi zina zimaposa mtengo wa kagalimotoko. Ndipo mukapeza kabwino kwa mayi wogulitsa zidole pamsika, musanenerere mpaka kumufinya. Mupatseni mtengo wake, mumuuze kuti mumafuna totere, adzayamba kukusungirani.

6. Tsukani pang'ono, ndipo mulekere pomwepo

Konzani mswachi wofewa wakale, kabulashi kouma kopentera zithunzi, thonje lokulunga pakamtengo, kansalu kofewa, madzi ofunda m'kapu ndi kadontho kamodzi ka sopo wotsukira mbale.

Choyamba chotsani fumbi ndi kabulashi kouma, kulowa m'mawindo ndi kuseri kwa mawilo. Fumbi lili ndi mchenga, ndipo mukalipukuta ndi nsalu yonyowa limakanda penti. Ulusi ndi tsitsi zozengezeka pa ekiselo muzikoke ndi singano mofatsa. Kenako nyowetsani thonje, mulifinye mpaka lisadonthe, mupukute kachigawo kamodzi, n'kuumitsa nthawi yomweyo ndi nsalu. Mswachi ndi wa matayala ndi kunsi kokha.

Musakaviike m'madzi. Madzi amalowa m'kati, ekiselo ndi timasipuling'i tachitsulo timachita dzimbiri, ndipo manambala ampikisano a pazitseko, amene ambiri anamatidwa ndi madzi, amamatuka n'kuyandama. Ndinataya motero manambala a Alfa Romeo yanga ina m'masiku oyambirira; ndinawaona akusuntha pansi pa chala changa, ndipo panalibe chowabwezeretsa. Pozungulira zomata pitani ndi thonje louma basi.

Thina, petulo, palafini, sipiriti ndi mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo asayandikire. Amasungunula penti ndi kuchititsa khungu magalasi apulasitiki. Polishi wa zitsulo amadya siliva wopyapyala wa pamabampa mpaka pulasitiki ya pansi imaonekera. Ekiselo yopindika isiyeni. Poiwongola ndi pulayala mumathyola pogwira pake. Chitseko cholimba musachikakamize.

Ndipo chipsera chisiyeni. Ndikudziwa mmene dzanja limayabwira munthu akaona kadontho kotuwa padenga lofiira, botolo la penti lili pafupi. Koma kagalimoto kosupuka kali ndi penti yake yeniyeni kamalemekezeka kuposa kopentedwanso bwino kwambiri, ndipo penti mukaipaka simungaichotse osawononga ya pansi. Kupentanso kusungireni tija tinatheratu: topanda penti, topanda magalasi, timene palibe angatifune. Pa timeneto phunzirirani luso lonse limene mukufuna, ndipo tsiku lodzagulitsa mudzanene poyera kuti munapenta ndinu.

Chinanso chofunika kwa amene muli ndi ana m'nyumba: penti ya zidole zakale ina inali ndi mtovu, ndipo timatayala timavuka mosavuta. Tigalimoto timeneti tisalowe m'kamwa mwa mwana. Inunso sambani m'manja mukamaliza kutigwira.

7. Sungani pouma ndi pamthunzi

Adani ndi atatu: dzuwa, chinyontho ndi kutentha. Dzuwa limafwifwitsa penti yofiira msanga kuposa mitundu ina yambiri, limadetsa magalasi kukhala achikasu, ndipo limayeretsa bokosi. Kabati yagalasi ya pabalaza ndi yabwino ngati siyang'anana ndi windo. Musasunge m'denga la malata kapena m'chikwama cha pansi pa bedi chogundana ndi khoma lonyowa. Nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ikani m'kabatimo timapaketi ta silica gel timene timabwera m'makatoni a nsapato zatsopano, kuti tiziyamwa chinyontho. Okhala kunyanja ndi ku Lower Shire, kumene kumatentha, asamale kwambiri pamenepa.

Matayala a labala asakhale nthawi yaitali pa thabwa lopaka vanishi kapena pa pulasitiki, chifukwa amamatirira n'kusiya zidindo. Yalani kapepala koyera kopanda inki. Musakulunge m'nyuzipepala, inki imadinda papenti. Mukasunga m'bokosi limodzi tambiri, kalikonse kakhale m'chipinda chake. Zipsera zambiri zimene timaziona lero zinabwera chifukwa cha kugundana m'katoni, osati pamasewera.

Mabokosi ndi chakudya cha mphemvu ndi chiswe. Aikeni m'chidebe chotseka bwino, osawapsinja. Bokosi long'ambika lisamatidwe ndi selotepi: pakapita zaka guluu wake amasanduka wachikasu, amalowa m'pepala, ndipo pomata mpovuta kuchotsa osasupula zithunzi. Mtengo wakale wolembedwa ndi pensulo kapena kapepala ka shopu kamene kali pabokosi, kasiyeni pomwepo. Ndi mbali ya mbiri ya kagalimotoko.

8. Lembani, ndipo mangani bwino potumiza

Gulani kope limodzi. Kagalimoto kalikonse kakhale ndi mzere wake: kampani, nambala, mtundu wa penti, mtundu wa mawilo, kumene munakapeza, tsiku, ndalama imene munalipira, ndi cholakwika chilichonse. Jambulani mbali zonse zinayi, pamwamba ndi kunsi, pa tsiku limene kafika. Pakatha chaka, zithunzi zimenezi ndi zimene zidzakuuzeni ngati kamng'alu kaja kakukula.

Ngati m'bale akukutengerani kuchokera ku Joni kapena ku Mangalande, muuzeni mmene amangire. Zitseko ndi boneti azitseke, akulunge kagalimotoko ndi tishu yofewa kaye kenako ndi zofewa zina pamwamba, ndipo pasakhale selotepi kapena labala yokhudza penti. Ngati kali ndi bokosi lake, akatulutsemo n'kumanga padera, chifukwa chitsulo chikamagwedezeka paulendo chimaboola mbali za bokosi lakale. Zonsezo zilowe m'kachidebe kolimba, ndipo kachidebeko kayende m'chikwama cham'manja, osati m'thumba lalikulu loponyedwa pansi pa basi.